Makina Akaphunzira kwa Makina Anzake, Mayeso Achonga Ndani?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, IKWERE KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Moni kwa inu a ku Mponela, ku Madisi, ku Mvera ndi kwa Msakambewa. Moni kwa inu a ku Malomo, kwa Nthondo, kwa Kasakula ndi midzi yonse yozungulira nkhalango ya Ntchisi. Amene mukutonola chimanga pakhonde manja asaime, ine ndangobwereka makutu okha. Lero tikamba za makompyuta ndi za kuchipatala, koma musatseke wailesi poganiza kuti ndi nkhani ya anthu a m'tauni. Tiyambira m'chigafa.

Ndili mnyamata, amalume anga ankalima fodya wa bale. Nyengo yosankha ikafika ntchito inkaposa manja, ndiye chaka china analemba mnyamata waganyu wochokera kutsidya kwa mtsinje. Anamuphunzitsa masiku atatu okha: tsamba la m'munsi apa, la pakati apa, la kunsonga apo, lobooka padera, lobiriwira lisakhudzane ndi lakupsa. Mnyamatayo anali wachangu zedi. Amalume ataona kuti manja ake ndi opepuka anamusiyira ife ana kuti atiphunzitse, iwo n'kumakalimbana ndi za jeke ndi ziguduli. Ife tinkangoyang'ana pomwe iye waponya tsamba, n'kumachita chimodzimodzi. Sabata isanathe tinali titagwira.

Chomwe sitinadziwe n'chakuti mnzathuyo ankakonda kukhala pakona ya chigafa, pomwe kuwala kunkafika movutikira, ndipo masamba obiriwira pang'ono ankawaona ngati akupsa. Ife tinatengera zomwezo ngakhale tinkakhala powala. Maso ankakuona kubiriwirako, koma mutu unali utaloweza kale kuti tsamba lotere kwawo ndi mulu uwu. Mabelo awiri anabwezedwa ku okushoni, ati fodya wosakaniza. Amalume sanakalipire aliyense. Anangoti, "Make mbuu, mwana mbuu," n'kuyamba kumasula mabelo.

Chigafa chimenechi muchisunge, chifukwa zomwe zinatigwera ife ndi zomwe akatswiri a makompyuta akulimbana nazo lero pophunzitsa makina ntchito za kuchipatala.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Ambiri mwamvapo za ChatGPT, yomwe inatuluka mu Novembala 2022, ndipo ana ena a kusekondale akuidziwa kuposa momwe aphunzitsi awo angakondwere. Makina a mtundu umenewu akatswiri amawatchula kuti language model. Mulibe kamunthu m'katimo, mulibenso mzimu. Ndi pulogalamu ya pakompyuta imene yadyetsedwa zolembedwa zankhaninkhani, n'kumasewera masewera amodzimodzi: kulota liwu lotsatira. Ndikati "nsima ndi", inu mwamaliza kale mumtima kuti "ndiwo". Makinawa nawo amalota choncho. Akalota molakwa, timanambala ta m'kati mwake timasunthidwa pang'ono, kuti ulendo wina ayandikire. Zikabwerezedwa kosawerengeka, amayamba kulumikiza mawu ngati munthu wodziwa kucheza.

Koma pakamwa pokoma si umisiri. Kuti makina agwire ntchito inayake ya zaumoyo amafunika sukulu yachiwiri. Tiyerekeze ntchito yowerenga uthenga wa pafoni wochokera kwa mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi, n'kunena ngati mwanayo ndi wothamangira naye kuchipatala chachikulu. Kapena yowerenga zomwe adokotala alemba m'mabuku a odwala, n'kuwerengera kuti mwezi uno chibayo chagwira angati. Pa sukulu yachiwiriyi makina amaonetsedwa zitsanzo zomwe zili kale ndi yankho. Uthenga uwu, wotumiza msanga. Uwu, wothandizidwa pompano. Yankho lomatidwa pa chitsanzolo ndi lomwe amati lebulo. Ife tiziti chizindikiro, ngati giredi yolembedwa pa tikiti ya belo.

Nanga omata zizindikirozo ndani? Kunena zoona pamafunika munthu wodziwa matenda. Ndiye tiwerengetsere limodzi. Malipoti 200,000, lililonse mphindi ziwiri. Amenewo ndi maola oposa 6,600. Munthu wogwira maola 8 patsiku, osapuma Lamulungu, osapita kumaliro, angathe masiku oposa 800. Inu amene munaimapo pamzere wa odwala Lolemba m'mawa mukudziwa kuti ku Dowa kuno kapena ku Ntchisi kulibe dokotala woti n'kumuchotsa pampando zaka ziwiri kuti azikachonga mapepala.

Njira yachidule inabadwira pamenepa: zizindikirozo azimata makina ena. Poyamba anali makina oyendera malamulo olembedwa ndi anthu. Ukaona liwu lakuti, lemba matenda akuti; ukaona mawu okana pafupi nalo, fufuta. Masiku ano ambiri amangotenga makina akuluakulu ngati ChatGPT ija, kuwapatsa malangizo, n'kuwasiya achonge mulu wonse usiku umodzi. Zochongedwazo ndiye amaphunzitsira makina aang'ono. Wina afunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito akuluwo? Akuluwo amakhala pa makompyuta a kunja, amafuna intaneti nthawi zonse, ndipo funso lililonse limadya madola. Aang'ono amakwana pa laputopu, ena pafoni pomwe, ndipo atha kugwira ntchito kuchigwa kuja komwe netiweki timaipeza titakwera pachulu. Ndiye mwaona: amalume ndi dokotala, waganyu wachangu uja ndi makina akulu, ana tija ndife makina aang'ono.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Njira imeneyi inayesedwa kwambiri pa X-ray ya m'chifuwa. Mu 2017 bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo, la NIH, linatulutsa zithunzi 112,120 za anthu 30,805. Panalibe amene anakhala pansi kuyang'ana chithunzi chimodzichimodzi. Zizindikiro za matenda zinatoledwa ndi kompyuta m'malipoti amene madokotala analemba kale. Ofufuza a m'maiko ambiri anathamangira kuphunzitsira makina awo pa zithunzizo. Katswiri wina wowerenga X-ray wa ku Adelaide, m'dziko la Australia, Dr. Oakden-Rayner, anachita zomwe amalume anachedwa kuchita: anamasula belo. Atayang'ana ndi maso ake anapeza kuti zizindikiro zambiri sizinkagwirizana ndi zomwe zinali pachithunzi. Chimodzi chinali choopsa ndithu. Pali vuto lina loti mpweya umatsekeredwa m'chifuwa n'kumafinya mapapo, ndipo thandizo lake ndi kulowetsa kapaipi kotulutsa mpweyawo. Zithunzi zambiri zokhala ndi chizindikiro cha vutoli zinali za anthu oikidwa kale kapaipi. Makina, poti safunsa, anatsamira pa kapaipiko ngati kuti ndiko matenda. Ankakhoza bwino pa odwala othandizidwa kale, n'kumapunthwa pa amene angofika kumene akubanika. Pakona ya chigafa paja.

Mu 2019 a payunivesite ya Stanford anatulutsa mulu wawo wotchedwa CheXpert, wa zithunzi 224,316 za odwala 65,240. Nawonso anadalira makina a malamulo, koma anaonjezera chinthu chimene ine ndimachivulira chipewa: kupatula "matenda alipo" ndi "palibe", anaika chizindikiro chachitatu choti "n'zokayikitsa". Mayeso omaliza sanawasiyirenso makina. Anapatula odwala 500, zithunzi zawo n'kupereka kwa akatswiri angapo kuti achonge ndi maso. Chaka chotsatira, mu 2020, anatenga language model yotchedwa BERT, imene Google inatulutsa mu 2018, n'kuiphunzitsa kuwerenga malipoti. Anayamba ndi zizindikiro zambirimbiri za makina a malamulo aja, kenako anamalizira ndi malipoti pafupifupi 1,000 ochongedwa ndi madokotala. Mwana ameneyu, dzina lake CheXbert, anaposa mphunzitsi wake, n'kufika pafupi ndi dokotala weniweni.

Mwana angapose bwanji mphunzitsi amene akumukopera? Amene mwapita kukasonkhezera moto bwererani, chifukwa nkhani yagona apa. Kulakwitsa kulipo kuwiri. Wosankha fodya akatopa, tsamba lina amaliponya uku, lina uko, popanda dongosolo. Mwana woyang'ana masamba zikwizikwi amaona kuti ambiri a mtundu uwu akupita mulu uwu, ndipo oponyedwa mwangozi aja samusokoneza. Kulakwitsa kobalalika kumasungunuka pachigulu. Koma wosankha akamalakwira mbali imodzi tsiku ndi tsiku, monga waganyu wa pakona uja, kulakwitsako kumaoneka ngati lamulo, ndipo mwana amakuloweza bwinobwino. Mukamamuonjezera zitsanzo m'pamene mukumukhwimitsa pa cholakwikacho. Ndipo mukamupatsa mayeso ochongedwa ndi mphunzitsi yemweyo, akhoza mochita kuombetsa m'manja. Tonse m'chigafa muja tinkakhoza 100 pa 100, mpaka tsiku la okushoni.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tsopano tibwere nazo kwathu kuno. Zolembedwa zoti n'kuphunzitsira makina zilipo. Buku la kuchipatala lili pafupifupi m'nyumba iliyonse, lokutidwa pulasitiki kuopa chiswe ndi mvula. Kuyambira mu 2008 alangizi a zaumoyo a m'madera ovuta kufikako akhala akuthandiza ana osakwana zaka 5 pa malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba, mwana aliyense n'kumalembedwa m'kaundula. Ku Kamuzu Central Hospital makompyuta odina ndi chala a Baobab Health anayamba mu 2001. Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, chimamva madandaulo a odwala m'Chichewa tsiku ndi tsiku. Fodya ali mbwee m'chigafa. Nkhawa yanga ili pa wosankha.

Makina akuluakulu aja anakulira m'Chingerezi. Chichewa anangochilawa, ndipo chomwe analawacho ndi cha m'Baibulo, cha m'nyuzipepala ndi cha pa intaneti. Chichewa cha pabenchi ya kusikelo sichifika kumeneko. Tamverani uthenga uwu: "Mayi uja wachira usiku wathawu." Inu amayi mwamwetulira kale, mwadziwa kuti kwabadwa mwana. Makina otsata liwu ndi liwu alemba kuti wodwala wapeza bwino, nkhani yatha, tsekani fayilo. Chonsecho masiku oyambirira mayi akangobereka ndi omwe amafunika kuonedwa pafupipafupi, iye ndi khanda lomwe, poti kutaya magazi ndi matenda a khanda zimakonda nthawi imeneyo. Apongozi akati "matenda ayamba", sakunena malungo. Wina akanong'ona kuti "anapita padera", sakunena za ulendo. Agogo akati "liwombo la mwana lalowa", mlangizi amaganizira nthawi yomweyo za kutha kwa madzi m'thupi, pomwe makina a kunja atha kulidumpha liwulo ngati dzina la mudzi. Izi si zolakwitsa zobalalika ayi. Mphunzitsi akasokoneza "wachira" pamodzi, asokoneza paliponse pomwe liwulo laonekera, ndipo mwana wake aloweza.

Ngakhale kukana kwenikweniku kuli ndi msampha. Chingerezi chimakana ndi liwu loima palokha, losavuta kulitola. Ife kukana timakubisa m'kati mwa mneni. "Akutsokomola" ndi "sakutsokomola" zasiyana chilembo chimodzi, chomwe chala chingadumphe pa foni ya mabatani. Wina atha kulemba lamulo loti liwu loyamba ndi "kusa" ndiye kuti likukana: kusadya, kusayamwa, kusagona. Chabwino. Nanga kusanza? Nanga kusamba? Lamulolo liwerenga "kusanza" ngati chinthu chimene sichinachitike, pomwe mwana wosanza chilichonse chimene walawa ali m'gulu la otumiza msanga. Onjezeranipo kalembedwe ka azaumoyo athu, kosakaniza zinenero ndi zidule: "mwana wa 8 months, fever masiku atatu, akubanika, mRDT negative." M'mabuku a akuluakulu mupeza GBP, kutanthauza kuphwanya kwa thupi lonse. Ndipo ku Dowa kuno kuli Dzaleka, msasa umene unatsegulidwa mu 1994 ndipo muli anthu oposa 50,000, komwe wodwala amadandaula m'Chiswahili, m'Chirundi, m'Chinyarwanda kapena m'Chifalansa, womasulira n'kutembenuza, wachipatala n'kulemba m'Chingerezi. Mawu pofika papepala amakhala atadutsa pakamwa pa anthu awiri ndi dzanja la wachitatu.

Musayese kuti ndikuti zolemba anthu n'zoyera mbee. Tengani liwu loti malungo. Pa Chichewa kutentha thupi ndi malungo, matenda a udzudzu aja ndi malungonso. Mankhwala a LA anabwera mu 2007 kulowa m'malo mwa Fansidar, koma tizipangizo toyezera magazi a pachala tinafalikira m'zipatala mu 2011. Chisanafike chaka chimenecho, pachipatala chaching'ono chopanda maikulosikopu, mwana wotentha thupi ankalembedwa malungo basi. Malangizo anali otero, panalibe wolakwa. Koma makina ophunzira m'makaundula akalewo adzakula akudziwa kuti kutentha thupi kulikonse ndi malungo, ndipo mwana wa chibayo kapena wa matenda oumitsa khosi adzamuponya mulu womwewo.

Tsiku lina kudzabwera munthu ndi tabuleti, n'kunena kuti makina ake amakhoza 95 pa 100 iliyonse. Manja muyambe mwawasunga. Tiyerekeze ana 100 afika kwa mlangizi. Mwa iwo, 95 ali ndi chimfine, malungo wamba, kutsegula kosathetsa madzi m'thupi. Asanu ali pangozi: wina wakomoka, wina akukanika kuyamwa, wina nthiti zikulowa m'kati akamapuma. Makina aulesi ongoti "palibe choopsa" kwa mwana aliyense apeza 95, ndipo asanu aja abwerera kunyumba. Chonsecho ntchito ya mlangizi yagona pa asanuwo. N'chifukwa chake amawerenga kapumidwe ndi wotchi, kuona ngati kafika 50 pa mphindi kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, kapena 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka 5. N'chifukwa chake amakulunga katepi kaja pamkono, kuona ngati kagwera pofiira, pansi pa masentimita 11.5. Zosowa ndi zomwe mphunzitsi wa makina amaphonya kwambiri, poti sanazione mokwanira. Mu 2024 ofufuza a ku Britain ndi ku Canada anaonetsa m'magazini ya Nature kuti makina akamaphunzira pa zotuluka mwa makina anzawo, m'badwo ndi m'badwo, zosowa zija ndizo zimayamba kufufutika. Mlimi wa kwa Chakhaza sangadabwe nazo. Chimanga cha haibulidi mukachibwereza kubzala chaka chachiwiri, chachitatu, zokolola zimanka zichepa.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Ndiye tiwataye makinawo? Iyayi. M'Malawi muno tili ndi zitsanzo za momwe makina amathandizira akakhala ndi chowatsimikizira chochokera kunja kwa iwo eni. Ku Chilumba, m'boma la Karonga, ofufuza akhala akulemba za kubadwa ndi kumwalira kwa anthu m'midzi kuyambira mu 2002. Munthu akamwalira amadikira za maliro zithe, kenako amakacheza ndi achibale mwaulemu: anadwala nthawi yaitali bwanji, ankatsokomola kodi, anaonda kodi. Mayankhowo amawerengedwa ndi madokotala. Palinso pulogalamu yotchedwa InterVA, yopangidwa motsogozedwa ndi Peter Byass wa payunivesite ya Umeå ku Sweden, imene imatenga mayankho oterewa n'kuloza matenda amene ayenera kuti anapha munthuyo. Chimenechotu ndi chizindikiro chomata makina. Mu 2013 pulogalamuyi inayesedwa ndi zolembedwa za m'maiko asanu a mu Africa, Malawi ali pomwepo, ndipo poyesapo sanakafunse pulogalamu inzake. Anayerekeza ndi zotsatira za magazi za HIV zomwe anthuwo anayezetsa ali moyo.

Ku Bangwe, mumzinda wa Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anayesa kompyuta yowerenga X-ray yotchedwa CAD4TB, pa kafukufuku wa akuluakulu 1,462 obwera kuchipatala akutsokomola. Kompyuta inkangoloza wokayikitsa, makhololo ake n'kukayezedwa pa makina a GeneXpert. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti nthawi yodikira kuyamba mankhwala a TB inatsika kuchoka pa masiku 11 kufika pa tsiku limodzi. Chaka chomwecho bungwe la WHO linavomereza makompyuta oterewa pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Ku Karonga okushoni anali magazi, ku Bangwe anali makhololo.

Pa zolembedwa, okushoni wake ndi dengu la zitsanzo zochongedwa ndi anthu athu, zochokera konkuno, zomwe makina sanazionepo pophunzira. Dengulo silifunika kukhala lalikulu ngati nkhokwe. Chofunika n'chakuti mukhale mauthenga a ku Malomo ndi a ku Mtengowanthenga, a m'dzinja malungo atavuta ndi a mu Juni chifuwa chitabuka, ndipo ana asanu aja aikidwemo mwadala, ochuluka ndithu. Azachipatala awiri achonge aliyense payekha. Pomwe asiyana, wachitatu aweruze. Ndipo pomwe akatswiri awiri akangana, musayembekezere kuti kompyuta ndiye idziwa. Makinawo apatsidwe danga lonena kuti "apa ndakayika", monga anachitira a ku Stanford, zokayikitsazo zizipita kwa munthu, yankho lake n'kubwerera kukaphunzitsa makina. Potero timphindi tochepa ta dokotala timagwera pomwe pakufunikadi maso. Dengulo lizikonzedwanso, chifukwa matenda sakhala pamodzi. Makina ophunzira pa zolembedwa za 2021 akanauzindikira bwanji mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 n'kutenga anthu oposa 1,700?

Manja ochonga Chichewa tili nawo. Ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre kuli Kuyesera AI Lab, yotsogoleredwa ndi Dr. Amelia Taylor, imene yakhala ikusonkhanitsa zolembedwa za Chichewa zophunzitsira makina. Mu 2022 gulu la Masakhane, la akatswiri a zinenero ndi makompyuta a mu Africa, linatulutsa mulu wa nkhani m'zinenero 20, Chichewa chili momwemo, ndipo omata zizindikiro zake anali eni zinenerozo, ndi manja. Zimenezo n'za m'nyuzipepala. Za kusikelo ndi za kuchikuta zikufuna azamba, anamwino ndi alangizi, ndipo kuchongako ndi ntchito yoyenera malipiro. Kusakhale thangata woonjezera pamwamba pa mzere wa odwala.

Ine maganizo anga ndi awa. Pa ntchito yowerengera, monga kuphatikiza malipoti a pamwezi olowa mu pulogalamu ya pakompyuta ya DHIS2, yomwe imadya masiku a azaumoyo mwezi ukamatha, makina ophunzira kwa makina anzake alowe, chifukwa akaphonya pang'ono chiwerengero chimakonzedwa mwezi wamawa. Pa ntchito yonena kuti mwana uyu agone kunyumba kapena akwere kabaza usiku womwe uno, ndikukana mpaka nditaliona dengu lija ndi maso anga.

Chatsala chimodzi. Kuti mphunzitsi wamkulu uja achonge, zolembedwa zimatumizidwa komwe iye ali, kawirikawiri kunja kwa dziko. Kufufuta dzina kokha sikukwanira. M'mudzi wa nyumba 40, "mayi wa zaka 19 amene anabereka mapasa mu Epulo" ndani sangamudziwe? Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act la 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo za umoyo wa munthu zili m'gulu lotetezedwa mwapadera. Kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa ndi komiti ya NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, kapena ya ku yunivesite ya KUHeS.

Ndiye inu mafumu athu, inu a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, inu alangizi: kukabwera alendo ofuna kujambula makaundula, alandireni, apatseni mpando, kenako muwapemphe kalata ya chilolezo ndi ya ku ofesi ya zaumoyo ya paboma, kwa DHO. Muwafunse kuti mayeso a makina awo anachonga ndani, ndipo zitsanzo zake zinachokera boma liti. Muwapatse uthenga wa mayi wachira uja, awulowetse m'makinamo inu mukuona. Ndipo inu olemba m'kaundula, chimene mwayeza lembani kuti mwayeza, chimene mwangoganizira lembani kuti mwaganizira. Kutsogoloku pali mwana wasukulu amene adzakopera dzanja lanu.

Nthawi yatithera. Amayi a ana ang'onoang'ono, tsiku la sikelo buku lisatsale m'nyumba. Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.

(NYIMBO YOTSEKERA)